Mphete ikasupuka funsani mmisiri, musathamangire kwa ankhoswe

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yathuyi ndilankhule ndi anthu a mitundu iwiri: amene akugula mphete zaukwati nyengo ino, komanso anyamata amene ayamba ntchito yokuta mphete, ndolo ndi matcheni ndi golide kuno ku Kasungu. Fodya akamatha ku msika wa Chinkhoma, zinkhoswe ndi maukwati zimapanikizana Loweruka lililonse, ndipo pakapita miyezi ingapo mphete zomwezo zimayamba kufika pa tebulo langa, zina zitasupuka, zina zitachita mathothomathotho, zina zitada m'mphepete. Ine ndimakonza mawotchi ndi mphete pa boma pano. Kukuta zitsulo ndinakuphunzira ku Johannesburg, m'shopu ya amisiri a golide, kumene bwana wake anandiika pa sinki kuti ndizingotsuka, ndipo panapita miyezi ndisanaloledwe ngakhale kutsegula botolo la mankhwala a golide. Ndi za pa sinkipo zimene ndikufuna kulemba.

Chandilembetsa kalatayi ndi mawu amene amabwera limodzi ndi mphetezo. Mnyamata amafika nkhope ili ndwii, n'kunena kuti, "Bambo, taonani, mwezi sunathe n'komwe. Azakhali akuti mkaziyu ali ndi magazi oipa." Ena amayamba kumuganizira mkazi zachimasomaso, ati mphete imasuluka ikakhala pa chala cha munthu wosakhulupirika. Ena amati alipo amene anawachita chipongwe tsiku la ukwati. Ndamvapo nkhani yotere itafika mpaka kwa ankhoswe, anthu akuluakulu n'kukhala pansi pa mtengo kukambirana za kachitsulo. Koma mphete zambiri zotere zimakhala zitalakwika kale zisanafike pa chala cha munthu. Zimalakwikira pa tebulo la mmisiri, m'mphindi zochepa zapakati pa kupolisha ndi kuviika m'golide.

Ndifotokoze kaye kuti kukuta n'kutani, poti ambiri amaganiza kuti golideyo timamupaka ndi burashi kapena timamusungunula pa moto n'kuthira pamwamba. Ayi. Golide amakhala atasungunuka m'madzi a mankhwala, wosaoneka ndi maso. Mphete timaikoleka ku waya wa negativu, waya wa positivu n'kukhala pa kachitsulo kena m'madzi momwemo, ndiye magetsi ochepa, a mavolti owerengeka, amakoka golide uja n'kumukhazika pa mphete pang'onopang'ono. Njirayi ndi yakale. Luigi Brugnatelli wa ku Italy anakuta mamendulo asiliva ndi golide mu 1805 pogwiritsa ntchito batire la Alessandro Volta, ndipo mu 1840 a Elkington a ku Birmingham analembetsa njira yogwiritsa ntchito mankhwala akupha otchedwa cyanide, imene inasandutsa ntchitoyi kukhala malonda aakulu. Masipuni akale amene mumawapeza m'nyumba za m'maesiteti ndi m'mamishoni, olembedwa EPNS kumbuyo, anapangidwa mwa njira imeneyo: siliva ali pamwamba pokha, m'kati ndi kopa wosakaniza ndi nickel ndi zinc. Ena mwa masipuni amenewo akadali owala mpaka lero, atadutsa m'manja mwa ophika angati kaya, pamene mphete yogula mu August ikusupuka Khirisimasi isanafike.

Golide amene amakhala pa mphete yokutidwa ndi wopyapyala kwambiri. Timamuyeza mu ma micron, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa ma micron pafupifupi 70. Ku America, kuti chinthu chasiliva chokutidwa ndi golide achitchule kuti vermeil, pamafunika golide wa ma micron 2.5. Zotsika mtengo za m'misika zambiri sizifika ngakhale theka la micron. Chinthu chopyapyala chotero chilibe mphamvu payokha. Chimadalira kugwirana ndi chitsulo cha pansi, chitsulo kukhudzana ndi chitsulo chinzake popanda kanthu pakati. Pakakhala mafuta, ngakhale a chala chimodzi chokha, golide amakhazikika pa mafutawo osati pa mphete. Tsiku loyamba amawala bwinobwino. Kenako pamatuluka timatuza, kenako amamatuka.

Apa ndi pamene anyamata athu akupusitsidwa ndi maso. Mphete ikachoka pa wilo lopolishira imakhala ili waliwali, ndipo munthu amati yayera. Chonsecho nthawi imeneyo ndi pamene imakhala ndi litsiro lambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Mankhwala opolishira aja, abulauni amene timati tripoli ndi ofiira amene timati rouge, ndi ufa wosalala wa mwala kapena wa dzimbiri la chitsulo umene anauumba ndi sera ndi mafuta kuti ugwirane n'kukhala mtanda. Wilo likamazungulira mphete imatentha, sera uja amasungunuka n'kuyala paliponse, n'kulowanso kuseri kwa miyala, m'zilembo za dzina zimene munalembetsa m'kati, ndi m'mfundo iliyonse ya tcheni. Kupukuta ndi kansalu kumangomuyala bwino serayo, sikumuchotsa. Ukaisiya mphete kuti igone mpaka mawa, sera amauma gwaa, ndipo kumuchotsa kumavuta kawiri. Chimene chapolishidwa chizipita m'madzi otentha nthawi yomweyo.

Ndisanachoke pa wilo, ndinenenso kuti kukuta sikubisa chilema. Pamene panakalika, golide amatsata mokalika momwemo, ndipo poti tsopano pakuwala, mzere uja umaonekera kuposa kale. Wilo la tripoli likhale lake, la rouge lake, mphete itsukidwe pochoka pa lina kupita pa lina. Wilo limene lapolisha chitsulo cha njinga kapena mkuwa lisakhudze golide ndi siliva. Ndipo musapolishe mopyola muyezo: wilo limadya chitsulo, limafafaniza chidindo cha m'kati, limapyapyalitsa tizikhadabo timene tagwira mwala.

Kutsuka koyamba ndi kwa madzi otentha, a madigiri 50 mpaka 60, ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Amene ali ndi makina a ultrasonic, aja onjenjemeretsa madzi, ali ndi mwayi, chifukwa amakutumula litsiro m'malo amene mswachi sufika. Amene alibe asadandaule: mswachi wofewa, kamtengo kosongola kotokosera kuseri kwa mwala, ndi kudekha, zimagwira ntchito. Sopo wa mtanda wochapira zovala ndi sopo wosambira wonunkhira asayandikire, poti amasiya mafuta akeake, makamaka akakumana ndi madzi a m'mijigo yathu ino. Kuyambira pamenepa chala chisakhudzenso mphete. Ikolekeni pa waya wa kopa woyera bwino, muzigwira wayayo. Waya wachitsulo womangira ayi, asidi amamudya ndipo amaipitsa mankhwala. Ndaonapo mnyamata akutsuka mphete mwaluso ndithu, kenako n'kuinyamula ndi zala zimene wangodyera chipisi kuti aione bwino pa dzuwa.

Kutsuka kwachiwiri ndi kwa magetsi, ndipo ndi kumene ambiri amakudumpha, ena poti sadziwa, ena poti anagula botolo la golide lokha n'kuona kuti zinazo n'zongothera ndalama. Mankhwala ake ndi a mtundu wa soda, muli caustic soda yemwe amayi opanga sopo amamudziwa, ndi masoda ena, ndipo amagulitsidwa osakaniza kale. Amafuna akhale ofunda, pafupifupi madigiri 60. Mphete ikhale ku negativu, kachitsulo ka stainless ku positivu, mavolti 5 kapena 6, kwa theka la mphindi mpaka mphindi imodzi. Mudzaona thovu lambiri likutuluka pa mphete. Limenelo ndi mpweya wa hydrogen, ndipo ubwino wake ndi wakuti umabadwira pa chitsulo penipenipo, kunsi kwa litsiro, n'kulinyamula pokwera. Palibe mswachi umene ungatsuke kuchokera kunsi. Samalani musasinthanitse mawaya: siliva akakhala ku positivu amathimbirira, kunyezimira konse kuja n'kuthera pomwepo. Mankhwalawa akayamba kuda kapena kuyandama mafuta pamwamba, asintheni, chifukwa zimene zasungunukamo magetsi amazibwezera pa mphete yotsatira.

Kenako kutsukuluza, ndipo apa ndiime pang'ono pa nkhani ya madzi, poti kuno kwathu ndi vuto lenileni. Suzumirani m'ketulo imene mwakhala mukuwiritsira madzi a pa mjigo. Zoyera zimene zakanirira pansizo ndi mchere wa m'nthaka, ndipo womwewo umatsalira pa mphete madzi akauma, n'kusiya madontho pansi pa golide. Madzi a pa mpopi ali ndi chlorine, amene sagwirizana ndi siliva ndipo amawononga mankhwala a rhodium (chitsulo choyera chokutira mphete), omwe kabotolo kake kamodzi mtengo wake ndi wolizitsa. Madzi a mvula otungidwa pa denga la malata nawonso musawakhulupirire, atenga fumbi ndi zinc wa malatawo. Ofunika ndi distilled water, madzi aja timagula othira m'batire la galimoto. Ikani makapu agalasi atatu motsatana. Loyamba litenge litsiro lambiri, lachiwiri lotsala, lachitatu likhale la madzi a batire oyera. Ndipo gawo lililonse likhale ndi makapu ake. Beseni limodzi lotsukuluziramo zonse tsiku lathunthu limasanduka msuzi wa mankhwala onse.

Pambuyo pa soda pamabwera asidi. Ntchito yake ndi iwiri: kupha soda wotsala, amene madzi okha samuchotsa msanga, ndi kuchotsa kadzimbiri kosaoneka kamene kopa wa m'kati mwa golide ndi siliva amapanga akakumana ndi mpweya. Amisiri amagwiritsa ntchito sulphuric wofooka, wa maperesenti 5 mpaka 10, kwa masekondi ochepa. Asidi wa batire watsopano, wa m'botolo, ndi sulphuric yemweyo koma wamphamvu, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Gawo limodzi lake ku magawo anayi a madzi a batire limafika pa muyezo woyenera. Wokhuthula m'batire lakale ayi, ali ndi mtovu. Nthawi zonse thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo maso akhale ndi magalasi. Pa siliva musagwiritse ntchito hydrochloric, uja ena amati spirits of salts. Amasiya kachikopa kotuwa kamene golide sagwirapo.

Tsono mudziwa bwanji kuti mphete yayera? Pali mayeso amene safuna makina. Mukaitsukuluza pochoka mu asidi, ikwezeni pa waya wake n'kuiyang'anitsitsa kwa theka la mphindi. Amayi onse amadziwa mbale imene mwadyeramo nyama yonona: mukaitsuka ndi madzi ozizira, madzi amathawa n'kuima timadontho, koma ikayera madzi amayala paliponse osaduka. Mphete n'chimodzimodzi. Madzi akaduka pena pake, ngakhale pakang'ono m'kati, pamenepo pali sera, ndipo pamenepo ndi pamene idzayambire kusupuka. Bwererani pa kutsuka kwa magetsi. Mayesowa achitike pambuyo pa asidi, chifukwa sopo wotsala amanamiza: amayalitsa madzi ngakhale pamwamba pa mafuta.

Ikakhoza mayeso, ilowe m'golide ili yonyowa, nthawi yomweyo. Osaiumitsa, osaipukuta, osaiuzira ndi pakamwa, osaiika pa tebulo kuti muyankhe foni. Mu September ndi October, mphepo ikamakweza fumbi la mu M1, zenera likhale lotseka ndipo makapu akhale ovundikira. Magetsi akathima muli pakati pa njira, musadzapitirire pamene munalekezera. Yambiraninso pa soda.

Siliva ali ndi zake zapadera. Amene timamugwiritsa ntchito pa mphete ndi wa chidindo cha 925, kutanthauza kuti magawo 925 mwa 1,000 ndi siliva, otsalawo kawirikawiri ndi kopa. Kuda kwake si dzimbiri wamba, ndi sulufule wa mu mpweya, m'mazira, mu anyezi, ngakhale m'timalabala timene ogulitsa amamangira matcheni. Kuda kumeneko kuchoke konse musanakute, ndi m'makona momwe. Palinso china chimene chimabisala. Siliva akatenthedwa powotcherera, kopa wa m'kati amapsa n'kusiya mthunzi wotuwira kunsi kwa khungu lake, umene amisiri amati firestain. Suoneka pa dzuwa, koma mukaika mphete pambali pa pepala loyera mumauona. Mukaukuta umabisala, golide akayamba kutha umatulukira, mwini mphete n'kumati mwamugulitsa chinyengo.

Chachikulu pa siliva ndi ichi: siliva ndi kopa zimayenda. Mukakhazika golide wopyapyala pa siliva mwachindunji, m'kupita kwa miyezi zitsulo za pansizo zimalowerera m'golide mpaka kufika pamwamba, n'kuyamba kuda. Mphete imasanduka yotuwa kapena yabulauni ngakhale ili m'bokosi, osavalidwa. Ndiye chifukwa chake amisiri abwino amayamba aika mpanda pakati, kachikopa ka nickel kapena palladium, kenako golide. Apo ayi, golideyo akhale wokhuthala ndithu. Nickel ndi wotsika mtengo koma anthu ambiri khungu lawo limamukana, makamaka pa ndolo, moti mayiko a European Union anaika malire ake mu 1994. Mayi akabwera makutu atatupa, akuyabwa, atavala ndolo zatsopano, kawirikawiri ndi nickel ameneyu watulukira.

Golide weniweni nayenso amakutidwa, ndipo izi ambiri zimawadabwitsa. Mphete za white gold, zija zoyera zimene achinyamata akuzikonda masiku ano, mtundu wake weniweni ndi wotuwira chachikasu. Kuyera kwa mbee kumene mumakuona m'shopu ndi rhodium, chitsulo cha banja la platinum chimene William Hyde Wollaston anachitulukira mu 1804, ndipo chambiri pa dziko lonse chimakumbidwa ku South Africa. Rhodium ameneyu nthawi zambiri safika micron imodzi, choncho amatha ndithu, ndipo mphete imayamba kuoneka yachikasu pansi pa chala. Limenelo si bodza la wogulitsa, ndi mmene zilili, imafunika kukutanso. Koma pokutanso, rhodium wakale achoke yense pa wilo. Mukangokuta pamwamba pa zigamba zotsala, mphete imatuluka ya mawangamawanga. Ndipo musamati poti ndi golide ndiye sachita dzimbiri, asidi n'ngosafunika. Mphete ya 9 carat, ya chidindo cha 375, ili ndi golide magawo 375 okha mwa 1,000. Otsalawo ndi kopa, siliva ndi zinc, ndipo izo zimachita dzimbiri. Ya 14 carat ndi 585, ya 18 carat ndi 750.

Musanaviike chilichonse, yang'anani ngati chinawotchereredwapo. Mphete zambiri zimene zinaduka zimakhala zitapita kaye kwa wokonza wailesi, amene amalumikiza ndi mtovu wake uja. Mtovu umenewo golide sagwirapo bwino, umada mu asidi, ndipo ukatenthedwanso kwambiri umadya golide wa mphete n'kusiya dzenje. Uchotsedwe wonse, mphete ilumikizidwe ndi chowotcherera (solder) cha golide kapena cha siliva. Yang'ananinso miyala. Diamondi, ruby ndi safiro zimapirira. Ngale, opal, turquoise, coral ndi amber zimawonongeka ndi asidi ndi kutentha, emerald sagwirizana ndi ultrasonic, ndipo timiyala tagalasi tomata ndi guluu timangothothoka m'madzi otentha. Muuzeni mwini wake zimenezi musanayambe, asadzamve atabwera kudzatenga.

Pali china chimene chayamba kuoneka chiyambireni anthu kukumba golide ku Gogodi ndi madera ena m'boma lino. Mphete yagolide ikakhudzana ndi mercury, amene okumba golide amagwiritsa ntchito, imayera nthawi yomweyo, mwini wake n'kuganiza kuti anagula yabodza. Mercury amalowa m'golide n'kumufooketsa. Mphete yotero musaipolishe, musaikute, ndipo koposa zonse musaiwotche m'nyumba kapena m'shopu kuti mercury achoke. Utsi wake umawononga ubongo ndi impso, wanu ndi wa ana amene ali pafupi.

Poti tafika pa zoopsa, anyamata mvetserani. Mankhwala ambiri okutira golide ndi siliva ali ndi cyanide. Cyanide akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wakupha, ndipo m'kachipinda kotseka sipafunika wambiri. Ndiye kutsukuluza kwapakati pa asidi ndi golide sikungoteteza mphete yokha ayi. Kapu ya asidi ikhale mbali ina ya tebulo, ya golide mbali ina, iliyonse yolembedwa dzina. Ntchitoyi ichitike pamalo opita mphepo, osati m'chipinda chogona. Mankhwala asasungidwe m'mabotolo a zakumwa, pamene mwana angafikire. Magolovesi m'manja, ndipo pa tebulo osadyerapo, osasutirapo. Mankhwala otha ntchito asathiridwe m'ngalande, m'chimbudzi, kapena pafupi ndi chitsime ndi dambo limene ng'ombe zimamwako. Atsekereni m'chigubu cholembedwa, a cyanide paokha, a asidi paokha, n'kufunsa amene anakugulitsani kapena a zachilengedwe ku khonsolo kuti atayidwe bwanji.

Tsopano kwa ogula. Sindikunena kuti mphete iliyonse yosuluka ndi mlandu wa mmisiri. Chokutidwa chilichonse chimatha. Mayi amene amakwecha mapoto ndi mchenga, kuchapa ndi Jik, kuthira feteleza ndi manja, kudzola mafuta mphete ili pa chala, golide wake adzatha msanga kuposa wa mayi wa mu ofesi. Thukuta nalonso limasiyana, la ena lili ndi mchere wambiri, ndipo limenelo ndi thupi chabe, si khalidwe. Koma kutha ndi kusupuka n'zosiyana, ndipo mungathe kuzisiyanitsa nokha. Mphete imene yatha ndi ntchito imayambira pansi pa chala ndi m'mphepete, mtundu umasintha pang'onopang'ono, ndipo mukapitsapo chikhadabo pamakhala posalala. Imene sinatsukidwe bwino imachita matuza, imamatuka tizidutswa, chikhadabo chimakola m'mphepete mwa chigamba, ndipo kawirikawiri imayambira malo amene sakhudzana ndi kanthu: m'zilembo, kuzungulira mwala, m'kati. Imeneyo ibwezeni kwa amene anaikuta. Chala chikabiriwira pansi pa mphete, ameneyo ndi kopa wakumana ndi thukuta, kusonyeza kuti pansi pa golide panali mkuwa. Sopo amachotsa, ndipo si matenda.

Pogula, tembenuzani mphete muwerenge m'kati. Manambala aja, 375, 585, 750 ndi 925, amanena chitsulo chenicheni. Zilembo monga GP kapena HGE zimanena kuti ndi yokutidwa. Koma chidindo chokha musachidalire, poti kachitsulo kodindira aliyense angathe kukagula. Funsani wogulitsa mafunso atatu, ndipo mayankho ake alembe pa lisiti: pansi pali chitsulo chanji, pamwamba pali chiyani ndipo n'chokhuthala bwanji, komanso ikasupuka miyezi ingati isanathe adzaikonza ulere. Amene amadziwa katundu wake sakwiya ndi mafunso amenewa. Kwa amene mukupereka mphete kuti akuikutireni, pemphani kuona pamene amagwirira ntchito. Mukaona kapu imodzi yokha ya golide ndi batire, popanda ya soda, ya asidi ndi zotsukuluzira, tengani mphete yanu muzipita. Maganizo anga, kwa banja limene ndalama ndi zochepa: mphete yasiliva ya 925 yosakutidwa ndi yabwino kuposa yamkuwa yovekedwa golide wa masiku. Siliva akada amapukutika n'kuwalanso, chaka ndi chaka. Izi ndimauzanso a mipingo amene amabwera ndi zikho za Mgonero: chikho chikutidwe kamodzi mokhuthala ndi munthu amene ali ndi zida zokwanira, kusiyana n'kuchiviika chaka chilichonse.

Anyamata amene mwayamba ntchitoyi sindikukunyozani. Ntchito zikusowa, ndipo munthu amene wasunga ndalama n'kuitanitsa zida kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam wachita chinthu chanzeru. Vuto ndi lakuti mavidiyo a pa YouTube ndi TikTok amene mukuphunzirirapo amaonetsa masekondi aja mphete ikusanduka yachikasu, poti ndi amene amakoma kuonera. Za pa sinki amazidula. Mukamawerengera mtengo wouza kasitomala, werengeranimo madzi a batire, soda, asidi ndi nthawi yotsuka, imene imaposa ya kukuta kwenikweniko kangapo. Kasungu ndi tauni yaing'ono. Mphete imodzi ikasupuka, mpingo wonse wa ku Chankhanga kapena ku Mtunthama umadziwa anaikuta ndani.

Pomaliza ndipemphe akuluakulu awiri kudzera mwa inu, a Mkonzi. Kuyambira 2021 Reserve Bank yakhala ikugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund, ndipo timamva kawirikawiri kuti dziko liziwonjezera phindu pa miyala yake m'malo moigulitsa yaiwisi. Ngati ndi choncho, a TEVETA aganizire zoika maphunziro afupiafupi a usula wa golide ndi siliva m'makoleji a ntchito zamanja, ndipo kutsuka zitsulo ndi kasamalidwe ka cyanide zikhale phunziro loyamba, lokhala ndi mayeso ake. A Malawi Bureau of Standards nawonso atithandize ndi muyezo wolembedwa m'Chichewa wonena kuti chinthu chizitchedwa chokutidwa ndi golide chikafika ma micron angati, kuti wogulitsa pa msika wa Kasungu, wa ku Santhe ndi wa ku Nkhamenya azilemba chinthu chimodzi pa lisiti, ndipo wogula akhale ndi pogwira akabwerera kudzadandaula.

Ine wanu,
Mmisiri wa mawotchi ndi mphete,
Kasungu Boma